Ndalama ya mankhwala pa inshuwalansi yatha mu Julaye, amayi ayamba kudula mapiritsi ndi lezala

Nambewe: Abale anga, nthawi yonseyi ndimangowerenga pa gulu pano osalemba kanthu, koma lero zandikulira. Amayi anga ali ndi zaka 67, amadwala shuga ndi BP. Ndinawalembetsa pa inshuwalansi yanga ya kuntchito, yotsikitsitsa ija, poti ndi imene ndingakwanitse. Ndalama imene amatiikira ya mankhwala pa chaka yatha, chonsecho tili mu Julaye. Kuyambira pano mpaka Disembala ndizigula ndekha, ndipo mankhwala awo a mwezi umodzi akumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anga.

Koma chandilembetsa si chimenecho. Dzulo ndikuwasinthira zofunda ndinapeza kabotolo ka mankhwala a BP pansi pa pilo. Ndinawagulira mapiritsi 30 masiku 25 apitawo, ndiye anayenera kutsala asanu. Nditawakhuthulira pa mphasa ya patebulo n'kuwerenga, analipo 17 ndi kachibenthu. Pambali pake panali lezala lokulungidwa m'kapepala. Akumadula piritsi pakati, theka lero, theka mawa. Nditawafunsa anangoti, "Mwana wanga, iwe uli ndi ana a sukulu." Ndinatuluka kukalirira panja. Sabata yathayi anachitanso chizungulire mpaka kugwira khoma, ine n'kumati mwina ndi kutopa.

Mankhwala awo ndi awa, ndakopera pa makatoni: nifedipine XL 60, Co-Diovan, Lipitor 20, Glucophage 850, Jardiance 10 ndi Nexium. Amene akuwadula ndi lezalawo ndi oyambawo. Sindikupempha ndalama ayi, ndikupempha nzeru. Ndiyambire pati?

Mayi Nasibeko: Mwana wanga, za ndalama tikamba, koma yamba wakalanda lezala limenelo lero lomwe. Ndagwira unamwino zaka 31 ndisanapume. Piritsi lolembedwa XL silidulidwa. Chizungulire chija n'kutheka kuti chachokera pomwepo: mankhwala oyenera kulowa m'thupi pang'onopang'ono tsiku lonse akulowa nthawi imodzi, BP n'kugwa, pofika usiku n'kukweranso popanda choigwira. Munthu wa msinkhu wawowo akagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, zimene mumati mukupulumutsazo zidzapita zonse ndi zinanso. Zibenthuzo utaye, ndipo sabata ino isathe usanawapititse kwa dokotala. Ukamuuze chilungamo chonse, za lezala zomwe.

Tiyamike: Pepani asisi. Ine misozi yalengeza powerenga, amayi anga ankachitanso chimodzimodzi ndi insulin, kuchepetsa mlingo mwakachetechete kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi.

Mphatso: Ndimagwira ntchito mu famase, ndiye ndilowererepo. Amayi Nasibeko anena zoona. Mapiritsi ena a nifedipine otulutsa mankhwala pang'onopang'ono ali ngati kachigoba kolimba kokhala ndi kabowo kakang'onong'ono kobooledwa ndi laser. Madzi a m'mimba akamalowa m'kachigobamo, mankhwala amakankhidwa n'kumatuluka pa kabowopo kwa maola 24, ndipo kachigobako kamadzatuluka kathunthu pochita chimbudzi. Ena amabwera akudandaula kuti piritsi latuluka osasungunuka, pomwe ntchito lagwira kale. Mukalidula ndiye mwaswa makina onsewo. Lamulo lake n'losavuta: mukaona XL, XR, SR, MR, LA, EC kapena mawu oti Retard pa katoni, osadula, osaphwanya, osatafuna. Makapisozi nawonso ayi.

Tsopano achemwali, tengani makatoni aja muyang'ane pansi pa dzina lalikulu. Muona dzina lina la zilembo zing'onozing'ono. Limenelo ndiye dzina la mankhwalawo, lalikululo ndi la malonda chabe. Lipitor ndi atorvastatin. Glucophage ndi metformin. Co-Diovan ndi mankhwala awiri m'piritsi limodzi, valsartan ndi hydrochlorothiazide. Nexium ndi esomeprazole. Jardiance ndi empagliflozin. Maina ang'onoang'onowa amawakhazikitsa ndi a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, ndipo ndi amodzimodzi pafupifupi kulikonse padziko, kaya wapanga ndani.

Kampani ikatulukira mankhwala imapatsidwa patent ya zaka 20 kuwerengera tsiku limene inalembetsa, ndipo m'zaka zimenezo palibe wina angapange. Ikatha, makampani ena amayamba kupanga mankhwala omwewo n'kumagulitsa pa dzina laling'ono lija, ndiwo timawatcha ma generic. Lipitor anali mankhwala ogulidwa kwambiri pa dziko lonse, koma patent yake ku United States inatha mu Novembala 2011. Metformin ndiye nkhalamba, anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1957. Pa mankhwala asanu ndi limodzi a amayiwo, asanu ali ndi ma generic kalekale. Mukulipira dzina la pa katoni.

Nambewe: Ndatenga makatoni, ndaonadi timaina tija. Zaka zinayi ndikugula osayang'anapo! Nanga bwanji a ku famase sanandiuzepo?

Mphatso: Zifukwa zimasiyana. Kwina lamulo limalola wa mu famase kukusinthirani yekha, kwina sangasinthe ngati dokotala walemba dzina la malonda n'kuika chizindikiro choti asasinthe. Komanso tisanamizane, famase ndi bizinesi, ndipo munthu amene wabwera ndi khadi la inshuwalansi osafunsa mtengo sitimuthamangira ndi zotchipa. Mukafunsa kuti "alipo generic wake?" ndi pomwe timatsegula shelefu inayo.

Bambo a Tadala: A Mphatso, ine ndikutsutsani pang'ono. Chinthu chikatchipa chimakhala ndi chifukwa. Ine ndimamwa za BP zaka 12 tsopano. Chaka china anandisinthira kundipatsa otchipawo, pasanathe mwezi mapazi anatupa, nsapato osalowa, ndinkapita ku ntchito ndi masilipasi ngati wodwala njovu. Nditabwerera kwa akale zinaphwa. Komanso si mu 2018 pomwe anachotsa valsartan wa generic m'mafamase chifukwa munali zoyambitsa khansa? Amayi a eni ake tisawayesererepo.

Yohane: Inenso ndinawerengapo kuti generic amaloledwa kuchepa mphamvu ndi 20 peresenti. Ndiye kutchipako n'komweko.

Mphatso: Bambo a Tadala, ndifunse kaye. Akale aja dzina lawo laling'ono linali chiyani, ndipo atsopanowo linali chiyani?

Bambo a Tadala: Akale ndi omwe ndikumwa panowa, losartan. Otupitsa aja ndikukumbuka amlodipine.

Mphatso: Ndiye si generic anakulakwirani bambo. Sanakupatseni mankhwala omwewo a kampani ina, anakupatsani mankhwala ena a banja lina. Amlodipine amatupitsa akakolo anthu ena ndithu, ndipo amatero kaya ndi wotchipa kaya ndi wodula wa dzina loti Norvasc. Pali kusintha kwa mitundu iwiri kumene anthu amakusakaniza. Kuchoka pa Lipitor kupita pa atorvastatin, mankhwala ndi omwewo, mlingo womwewo, changosintha ndi katoni. Kuchoka pa losartan kupita pa amlodipine ndi chiganizo cha dokotala, ndipo pamafunika kubwereranso kukapimitsa.

Za 2018 ndikuvomera, zinachitikadi. Mu valsartan wa makampani angapo munapezeka NDMA, kemikolo yotha kuyambitsa khansa, imene inalowa popanga ufa wa mankhwalawo ku fakitale, ndipo anachotsedwa pa msika m'mayiko ambiri. Koma chaka chotsatira NDMA yomweyo inapezekanso mu ranitidine, mankhwala a asidi wa m'mimba, ndipo Zantac, amene anali dzina lodula la mankhwalawo, anachotsedwa limodzi ndi otchipa. Katoni yokongola sitchinjiriza ku zimenezo. Chimene chimatchinjiriza ndi bungwe loona za mankhwala la m'dziko mwanu, ngati likugwira ntchito yake.

A Yohane, nkhani ya 20 peresenti ija anthu amaimva molakwika. Mlingo wa mankhwala m'piritsi ndi womwewo, 20 mg ndi 20 mg. Chimene amayeza ndi mmene mankhwalawo akufikira m'magazi a anthu, ndipo malire a 80 mpaka 125 peresenti ndi mpanda umene zotsatira za kafukufuku, pamodzi ndi kukayika kwake konse kwa masamu, ziyenera kukwanamo. Kuti zikwane, generic amayenera kukhala pafupi kwambiri ndi woyambayo. A FDA, bungwe loona za mankhwala ku United States, ataunikanso kafukufuku wotere woposa 2,000, kusiyana kunali pafupifupi 4 peresenti basi.

Alipo mankhwala ochepa amene ineyo ndimakana kuwasinthasintha kampani mwachisawawa, chifukwa mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza zili pafupi: warfarin, levothyroxine, lithium, digoxin, ena a khunyu monga phenytoin ndi carbamazepine, ndi a anthu oikidwa impso ya wina monga tacrolimus. Pamenepo generic amagwira ndithu, koma mukasankha kampani imodzi khalani pomwepo, ndipo mukasintha kapimitseni magazi. Pa mndandanda wa amayi a Nambewe palibepo ndi amodzi omwe.

Bambo a Tadala: Chabwino, za mapazi mwandigonjetsa. Koma losartan wanga sindisintha kkkk.

Mphatso: Ngati pa katoni panu palembedwa losartan basi popanda Cozaar, ndiye mwakhala mukumwa generic zaka zonsezi bambo.

Chikondi K.: Ndiyankhepo za inshuwalansi, poti ndinagwirako ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ku mbali yolandira ma claim. Malamulo amasiyana kampani ndi kampani, ndiye zimene ndinenezi mukazitsimikize m'chikalata chanu, chachitali chija chimene palibe amawerenga.

Funso loyamba achemwali: amayi munawalembetsa ngati wodwala matenda okhalitsa? Masikimu ambiri amakhala ndi matumba awiri. Lina ndi la mankhwala a tsiku ndi tsiku, a chifuwa, a mutu, a m'mimba, ndipo limakhala laling'ono. Lina ndi la chronic, la shuga, BP, mphumu ndi ena otere. Koma salowetsamo munthu okha. Pamakhala fomu yoti dokotala adzaze, nthawi zina ndi zotsatira za magazi. Ngati fomuyo sinapite, mankhwala a shuga amadya thumba laling'ono lija mwezi ndi mwezi mpaka kuuma pakati pa chaka. Mafaelo otere ndinawaona ambiri, ndipo ife sitinkaimbira munthu kumuuza kuti akudyera thumba lolakwika. Sindikunyadira, koma ndi mmene zinalili.

Chachiwiri, aitanitseni formulary, ndiye kuti mndandanda wa mankhwala amene iwo amavomera kulipira. Akutumizireni yolembedwa, osati kungokuwerengerani pa foni. Kawirikawiri amalipira pa mtengo wa generic, ndiye mukatenga wa dzina, chotsalacho ndi chanu kapena chimathetsa msanga ndalama yanu ya pa chaka. Mndandanda umenewo mupite nawo kwa dokotala. Dokotala amaona odwala a masikimu ambirimbiri, sangaloweze za aliyense, amangolemba chimene dzanja lazolowera.

Mufunsenso ngati ali ndi mafamase awo osankhika kumene gawo lolipira inu limachepa, komanso ngati amalola kutenga mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi. Kumene amalipiritsa kandalama ka ntchito pa ulendo uliwonse, mumalipira kamodzi m'malo mwa katatu.

Nambewe: Za fomu ya chronic ndikuzimvera pano. Palibe anandiuzapo, ngakhale tsiku lolembetsa.

Chikondi K.: Ndinadziwa. Safunsa anadya phula, koma munthu ungafunse bwanji chinthu chimene sukudziwa kuti chilipo? Imbani mawa m'mawa. Lembani dzina la amene mwayankhula naye, tsiku, ndi nambala ya nkhaniyo.

Yohane: Ine njira yanga ndi ya pa intaneti. Pali masamba ogulitsa mankhwala omwewa motchipa kwambiri, safunanso kapepala ka dokotala, amakutumizirani pakhomo. Asisi ndikutumizireni link ku inbox.

Mayi Nasibeko: A Yohane, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Amene akugulitsa mankhwala a shuga osafuna kapepala ka dokotala wakuuzani kale kuti malamulo sawalabadira, ndiye mukhulupirira bwanji zimene waika m'piritsimo? A WHO ananena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, mankhwala amodzi mwa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osakwana muyezo. Ndipo choopsa ndi mankhwala a BP n'choti abodza sudziwa. A malungo akakhala abodza umaona kuti thupi silikuzizira. A BP umangomwa, uli phee, mpaka tsiku la sitiroko.

Mphatso: Mafamase a pa intaneti ovomerezeka aliponso, tisawaphere limodzi. Amafuna kapepala ka dokotala, ali ndi adiresi yeniyeni, ndipo nambala ya chiphaso chawo mutha kuipeza ku bungwe loona za mafamase la dziko limene akuti alilo. Chimodzi chikasowa pa zitatuzi, thawani.

Woyang'anira gulu: A Yohane, ma link ogulitsa mankhwala pa gulu pano ndi ku inbox za mamembala ayi. Lamulo lachitatu lija. Tipitirize.

Agogo a Limbani: Ine ndilibe nzeru za mapiritsi, mdzukulu ndi amene akundilembera apa. Ndili ndi zaka 74 ndipo mankhwala anga amagula ndi mwana wanga wamwamuna. Ndikuuze iwe Nambewe, mayi akowo sanachite zimenezo chifukwa cha umbuli. Ife tikamaona mwana akutulutsa ndalama pa kauntala, n'kuona nkhope yake ikusintha pang'ono asanamwetulire, mtima umawawa kuposa matendawo. Tinazolowera kukhala opereka. Ukakawakalipira adzangobisa bwino lezalalo. Uwauze kuti wapeza njira yotsitsira mtengo, uwaonetse risiti yatsopanoyo ndi maso awo. Akaona kuti yachepa adzamwa athunthu.

Nambewe: Zikomo agogo. Dzulo ndinawakalipiradi, ndikuvomera. Ndikawapepesa.

Limbikani: Nanga Jardiance, poti ndiye wodula kwambiri pamenepo? Ine ndili ndi shuga ndipo ndimamwa metformin ndi gliclazide, onse otchipa, shuga wanga ali bwinobwino. Angowachotsa ameneyo n'kuwapatsa gliclazide.

Mayi Nasibeko: Taimani kaye achimwene. Nambewe, Jardiance anawapatsa chifukwa chiyani? Shuga anakana kutsika, kapena pali china anapeza?

Nambewe: Chaka chatha anawayeza mkodzo n'kunena kuti impso zayamba kutaya mapuloteni. Dokotala anawapatsa makatoni awiri aulere oyambira, kenako tinayamba kugula.

Mayi Nasibeko: Mwaonatu. Gliclazide amatsitsadi shuga, koma ntchito yoteteza impso ndi mtima imene banja la Jardiance limagwira iye sagwira. Komanso amatha kugwetsa shuga mopitirira, makamaka kwa wachikulire amene wadumphitsa chakudya. Kwa a Limbikani akuyenera, kwa amayiwa ndi nkhani ina. Pa mankhwala onse asanu ndi limodzi, ameneyu ndi amene ine ndingamenyere nkhondo kuti akhale. Mukachepetsa mtengo wa enawo, ndalama yake ipite kwa ameneyu.

Za makatoni aulerewo ndisanene zambiri, ndinawagawapo ndi manja angawa. Amathandiza mwezi woyamba, koma sindinaonepo aulere a mankhwala akale otchipa. Amabwera a atsopano okhaokha.

Mphatso: Pa Jardiance njira zilipo zingapo, ngakhale palibe yachidule. Ali ndi m'bale wake wa banja lomwelo, dapagliflozin, wogulitsidwa pa dzina loti Forxiga, ndipo m'mayiko angapo generic wake alipo kale. Mufunse dokotala ngati amayi angasamukire kumeneko, ndipo muone amene ali pa formulary pa awiriwa. Banja limeneli a WHO analiika pa mndandanda wawo wa mankhwala ofunikira mu 2021. Mndandandawu unayamba mu 1977, umakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse, ndipo maboma ambiri amatengerapo posankha zogula. Ndiye nkoyenera kufunsanso ku chipatala cha boma kapena cha mpingo ngati ali nawo. Ngakhale asakhale nawo, metformin, amlodipine ndi hydrochlorothiazide ndi mankhwala amene zipatala zotere zimakhala nawo kawirikawiri. Makampani ena opanga mankhwala alinso ndi ndondomeko zothandiza odwala ovutika, m'mayiko ena osati onse, ndipo dokotala kapena wa mu famase ndi amene angadziwe ngati kwanuko ilipo.

Co-Diovan muwerengetsere pawiri: generic wa piritsi limodzi lophatikiza, ndi mapiritsi awiri osiyana. Nthawi zina awiriwo amatchipa. Kuipa kwake n'koti mapiritsi a m'mawa achuluka, ndipo kwa munthu amene wayamba kale kudumphitsa, ine ndingakonde limodzi ngati kusiyana kwa mtengo kuli kochepa.

Ndipo poti nkhani inayamba ndi lezala: kudula piritsi kolondola kulipo. Mankhwala ambiri mtengo wa 40 mg sukhala kuwirikiza kawiri wa 20 mg, ndiye dokotala atha kulemba atorvastatin wa 40 kuti azimwa theka. Koma alembe ndi dokotala, likhale piritsi lololedwa kudula, ndipo mugule kachida kodulira mapiritsi. Muzidula limodzilimodzi, osati botolo lonse tsiku limodzi.

Mayi Nasibeko: Palibe wafunsa za Nexium. Anayamba liti, ndipo chifukwa chiyani?

Nambewe: Zaka ziwiri zapitazo. Mawondo ankawawa, anawapatsa diclofenac, m'mimba n'kuyamba kutentha, ndiye anawonjezera Nexium. Diclofenac anasiya kalekale, koma Nexium amangolembedwabe mwezi uliwonse. Mawondo akavuta panopa amagula okha ibuprofen.

Mayi Nasibeko: Ndi zimene ndimaopa. Mankhwala amalowa pa kapepala chifukwa cha vuto la miyezi iwiri, n'kukhalapo zaka, aliyense akungokopera zimene mnzake analemba. Mufunse ngati akufunikabe. Ngati ayi, asasiye mwadzidzidzi chifukwa asidi amabwerera mwaukali masabata oyamba, achepetse pang'onopang'ono mmene dokotala anenere. Ngati akufunikabe, omeprazole ndi wa banja lomwelo ndipo ndi wotchipa.

Koma ibuprofen ameneyo andiopsa kuposa mtengo. Munthu wa impso zofooka, amene akumwa valsartan ndi mankhwala okodzetsa, n'kuwonjezapo ibuprofen kapena diclofenac, atatuwa pamodzi amatha kuvulaza impso. Mukulipira zambiri kuteteza impso ndi Jardiance kwinaku timapiritsi ta mawondo tikuzigwetsa. Popita kwa dokotala, tenga thumba, ikamo chilichonse chimene amayi amamwa, cha kuchipatala, chogula okha, chopatsidwa ndi anzawo, ukakhuthule patebulo pake.

Tiyamike: Ine chimene chimandivuta ndi manyazi. Ukafika kwa dokotala umangoti "inde adokotala," kapepala m'manja, n'kukadzidzimukira ku famase. Mumayamba bwanji kunena za ndalama?

Chikondi K.: Mumangonena asanayambe kulemba. "Adokotala, inshuwalansi yathu yatha, mankhwalawa sitikukwanitsa, ndipo amayi ayamba kudumphitsa." Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri. Dokotala akaona BP yakwera, osadziwa kuti munthu akumwa theka, amawonjezera mlingo kapena mankhwala ena. Bilu n'kukweranso.

Nambewe: Abale, ndabweranso patatha masiku asanu ndi anayi, ndikuuzeni mmene zayendera.

Thumba lija ndinalikhuthuladi patebulo la dokotala, lezala lomwe. Anayang'ana zibenthu zija, n'kuyang'ana amayi, n'kufunsa kuti, "Amayi, bwanji simunandiuze?" Amayi anangoyang'ana pansi. Anatisunga pafupifupi theka la ola, pomwe masiku onse timatuluka mphindi zisanu zisanakwane. Nifedipine wachotsedwa, awapatsa amlodipine, tibwererenso pakatha masabata awiri kukaona BP ndi akakolo (Bambo a Tadala ndinakukumbukirani). Atorvastatin, metformin ndi valsartan wophatikiza uja onse walemba pa maina ang'onoang'ono. Nexium akuchepetsa kwa mwezi umodzi kenako asiye. Ibuprofen waletsa, akuti paracetamol kaye, ndipo mawondowo awaona bwino ulendo wamawa. Jardiance wakhala.

Ndinayenda mafamase atatu ndi kapepala komweko ndisanagule, ndipo mitengo inasiyana moti sindinakhulupirire kuti ndi mankhwala amodzi. Zonse pamodzi ndalipira zosakwana theka la zimene ndinkalipira. Jardiance yekha akuposa ena onsewo kuwaphatikiza.

Ku inshuwalansi, a Chikondi munalasa. Amayi sanali pa chronic. Fomu yapita, avomera mankhwala onse kupatula Jardiance. Akuti sali pa mndandanda wawo ndipo ayambe ayesa otchipa. Dapagliflozin nayenso palibe.

Chikondi K.: Kukana koyambako musakutenge ngati mapeto, nthawi zambiri amene wakana ndi kompyuta yongoyang'ana mndandanda. Pemphani kuti akulembereni chifukwa chokanira, ndi masiku amene muli nawo ochitira apilo. Kenako dokotala alembe kalata yonena kuti mankhwalawa ndi a impso, osati a shuga okha, aikemo zotsatira za mkodzo zija ndi za magazi zoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, anenenso chifukwa chimene otchipawo sangalowere m'malo. Kalata ya mizere iwiri yongoti wodwalayu akufunika mankhwalawa imabwezedwa. Yokhala ndi manambala imafika pa tebulo la dokotala wa kampaniyo. Akakananso, fufuzani bungwe limene limayang'anira makampani a inshuwalansi kwanuko, limakhala ndi kolandirira madandaulo. Ndipo marisiti a miyezi ino musataye ngakhale imodzi, mufunse ngati angabweze kuyambira tsiku limene fomu inalandiridwa.

Nthawi yosankhanso sikimu ikadzafika kumapeto kwa chaka, musadzangoyang'ana ndalama yodulidwa pa mwezi. Mudzaphatikize ndi zimene mwatulutsa m'thumba chaka chino, mudzayerekeze ndi sikimu yapamwamba pang'ono.

Bambo a Tadala: Ndayang'ana katoni yanga. Palembedwadi losartan basi. Musandiseke.

Mayi Nasibeko: Nambewe, chinthu chimodzi. Mapiritsi atsopanowo maonekedwe ndi mtundu zasintha, ndipo achikulire amadziwa mankhwala awo ndi maso, "koyera kaja ka m'mawa, kofiirira kaja." Akale amene atsala m'nyumba uwachotse onse, angamwe Lipitor ndi atorvastatin limodzi poyesa ndi osiyana. Pa katoni iliyonse ulembe ndi cholembera chachikulu: BP, SHUGA, IMPSO, MAFUTA.

Nambewe: Ndalemba kale amayi, ndipo akale ndabweza ku famase. Risiti ndinawaonetsa monga ananenera agogo a Limbani. Anaigwira nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno, n'kufunsa ngati sindinabise ina. Dzulo ndawerenga mapiritsi, akukwana ndendende ndi masiku. Kalata ya apilo dokotala akuti ikhala itatha Lachinayi.

Koma lezala lija akulifuna. Akuti ndi lawo lowengera zikhadabo.